Kodi Ufa Ndi Chinthu Chamadzimadzi?

Ife amene timaphunzitsa aphunzitsi tili ndi chizolowezi chopatsa ophunzira athu matanthauzo oti aloweze pamtima, n'kumayesa kuti ntchito yatha. Timati zinthu zonse zili m'magulu atatu: zolimba, zamadzimadzi ndi za mpweya. Timatinso chamadzimadzi n'chimene chimatenga maonekedwe a chiwiya chimene mwachithiramo. Mau amenewa tidawalembetsa m'makope zaka zingapo osawakayikira, kufikira tsiku limene tidakaonerera wophunzira wathu akuyeserera kuphunzitsa pa sukulu ina kufupi ndi Nathenje.

Mnyamatayo adachita monga tidamulangizira. Adathira madzi m'botolo, kenaka m'mbale, ana navomereza kuti maonekedwe asintha. Pamenepo mtsikana wina wa Sitandade 5 adakweza mkono. "Aphunzitsi, ufanso umatero tikauthira m'mbale. Ndiye kuti ndi wamadzimadzi?" Anzake adaseka. Mphunzitsi adaponya maso kumbuyo kumene tidakhala, ndipo adati, "Ufa ndi wolimba. Khala pansi." Mwanayo sadalankhulenso mpaka belu lidalira. Ife pa pepala lathu tidalemba kuti phunziro layenda bwino, ndipo mlandu umenewo ngwathu, si wa mnyamatayo ai.

Chonsecho yankho lidali pafupi. Pa msika wa Mitundu wogulitsa chimanga amadzaza ndowa mpaka kaphiri pamwamba, koma palibe amene adaunjikapo madzi. Njere iliyonse imasunga maonekedwe ake, ndipo ufa ndi tinjere tating'onoting'ono. Chimene chimasintha ndi mulu wokha. Mukathira madzi m'chitini chodzaza chimanga, madziwo amalowa ndithu, tithovu tikutuluka, pakuti m'mipata ya pakati pa njere mudali mpweya. Magulu atatu aja akumana m'chitini chimodzi.

Funso la mwanayo lidatikumbutsanso vuto lina. M'Chichewa timati munda ndi waukulu, nkhokwe ndi yaikulu, liu lake limodzi lomwelo. Koma kukula kwa munda ndi eliya, malo amene chinthu chaphimba. Kukula kwa nkhokwe ndi voliyumu, mpata umene chinthu chatenga m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba momwe. Jean Piaget wa ku Geneva adaonetsa kuti ana ang'ono ambiri amayesa madzi achuluka akangothiridwa m'galasi lalitali. Sitikayika kuti ena mwa ophunzira athu, ngakhale ali ndi ndevu, amasokonezeka chimodzimodzi akaona chinthu chayalidwa.

Choncho chaka chotsatira tidatuluka nawo panja ndi ufa wongochoka kuchigayo, wodzaza ndowa ya malita 20 mosaunjika. Lita imodzi ndi makyubiki sentimita 1,000, kotero m'ndowamo mudali 20,000. Tidayala mphasa ya mamita 2 m'litali ndi mita 1 m'lifupi, ndiye kuti masikweya sentimita 20,000. Tidawafunsa kuti ufawo ukayalidwa mofanana ukhala wochindikala bwanji. Ena adati masentimita 5, ena adati sukwanira mphasa yonse. Atasalaza ndi kuyeza ndi rula adapeza pafupifupi sentimita 1, monga masamu anenera. Ambiri adangokhutira pamene ufawo udabwerera m'ndowa n'kufika pomwe udali.

Nanga amayi a m'midzi ya kuno ku Nkhoma amavutikiranji kuyanika ufa pa mphasa? Chinyezi chimasanduka mpweya pamwamba pamene dzuwa ndi mphepo zikufika. Pakamwa pa ndowa yotambalala masentimita 30 pali masikweya sentimita pafupifupi 700. Mphasa ija ikuposa pamenepo ka 28. Voliyumu ndi yomweyo, eliya ndiyo yakula, ndipo amayiwo amadziwa zimenezi popanda rula.

Tikumanga mphasa, wophunzira wina adafunsa ngati ufa ungalemere chimodzimodzi madzulo utauma. Nthawi iyi sitidamukhazike pansi. Tidatuma anzake awiri kukabwereka sikelo, ndipo ufa tidauyalanso.