Dzanja la Woimbitsa ndi Lilime la Kwawo

Malemu Gomolemo Motswaledi ambiri amawakumbukira ngati munthu wandale, koma anthu a ku Gaborone anayamba kuwadziwa ali chiimire kutsogolo kwa oimba. Mu 1993 anayambitsa kwaya ya KTM, dzina lochokera kwa Kgalemang Tumediso Motsete wa ku Serowe, amene anapeka nyimbo ya fuko la Botswana yomwe inakhazikitsidwa mu 1966. Motsete anaphunzira nyimbo mwa dongosolo la ku Ulaya koma anapekera anthu akwawo m'Chitswana. Kwaya yotenga dzina lake inasenza katundu yemweyo: kuimba nyimbo zolembedwa za Azungu pamodzi ndi nyimbo za makolo.

Katunduyo ndi wolemera kuposa mmene omvera amaganizira. Kuimba m'magulu anayi, sopulano, aluto, tena ndi besi, kunafala ndi amishoni: a London Missionary Society pakati pa Atswana, a ku Scotland ku Blantyre ndi Livingstonia, a Dutch Reformed ku Nkhoma ndi ku Madzimoyo. Anabweretsanso solofa, njira yolemba nyimbo ndi do, re, mi. Vuto linali lakuti mayimbidwe awo anasokedwera zinenero zina. Chichewa ndi Chitswana zimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: mu "Mulungu" mawu amatsamira pa "lu", mu "Modimo" amatsamira pa "di". Nyimbo zambiri za m'mabuku a amishoni zimatsamira pa noti yomaliza, motero oimba amakakamizika kukoka "ngu". Kukwera ndi kutsika kwa mawu nako kumasiyanitsa matanthauzo, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Noti ikakwera pamene lilime limatsika, mawu amamveka achilendo pakamwa pa mwiniwake.

Kumpoto kwa Gaborone, ku Mochudi ndi midzi ya m'boma la Kgatleng, a Bakgatla ba Kgafela amaimba dikopelo: makwaya opanda zing'wenyeng'wenye, oimba akuponda pamodzi, makamaka nyengo ya Khirisimasi. Mu 2017 UNESCO inaika dikopelo pa mndandanda wa miyambo yofunika kutetezedwa mwamsanga. Woimbitsa wa mumzinda amalandira oimba oleredwa m'mayimbidwe otere, pamene m'dzanja lake muli pepala lolamula kuti mawu onse asalale ngati a munthu mmodzi. Pa mzere uliwonse ayenera kusankha: kusalaza mawu kapena kuwasiya ndi mphamvu yawo, kuimitsa oimba chilili kapena kulola phazi lisunge nthawi.

Anthu a ku Korea anakumana ndi funso lomweli. Amishoni a ku America, Horace Underwood ndi Henry Appenzeller, anafika kumeneko mu 1885, ndipo nyimbo za m'tchalitchi zinazika mizu. Koma mayimbidwe a makolo awo, monga pansori, momwe woimba mmodzi amafotokoza nthano yaitali mothandizidwa ndi woimba ng'oma mmodzi, amafuna mawu okhakhala, onjenjemera kwambiri, otsetsereka kuchoka pa noti ina kupita pa inzake. Zonsezi ndi zimene mphunzitsi wa kwaya ya Chizungu amaletsa. Yoon Hak-won, amene anatsogolera Incheon City Chorale kuyambira 1995, anagwira ntchito ndi wopeka nyimbo Hyo-won Woo, ndipo awiriwa anachilemba dala pa pepala kutsetsereka kuja, n'kuphunzitsa oimba makumi angapo kukuchita pa nthawi imodzi. Chimene chinkatchedwa kuphonya chinasanduka luso loyesereredwa. Ngakhale ku Malawi mayiko awiriwa anakumanapo: katswiri woimba opera wa ku Korea, Kim Chung-ja, atapuma pa ntchito anakayambitsa sukulu ya nyimbo ya Lusubilo ku Karonga.

A Motswaledi sanakalambe. Atachoka m'chipani cholamula cha BDP anatsogolera chipani cha BMD chomwe chinabadwa mu 2010, ndipo anamwalira pa ngozi ya galimoto pa 30 July 2014, ali ndi zaka 44. Kwaya yawo inatsala ikuimbabe.

Funso lawo likudikira woimbitsa aliyense wa ku Lilongwe, Chipata, Ulongwe ndi Lichinga. Chipongwe chachikulu pa Chichewa m'makwaya sichichokera kwa alendo, chimachokera ku dzanja la Mchewa lomwe limaopa kusintha noti imodzi kuti mawu amveke bwino. Woimbitsa wanzeru amayamba wawerengetsa oimba ake mawu a nyimbo mokweza, monga amawalankhulira kunyumba, amve pamene akutsamira ndi pamene akutsika. Akatero ndi pamene amatsegula buku la solofa, ndipo buku likatsutsana ndi lilime, cholembera chimagwera pa buku.