Nsalu ya Patebulo Pakati pa Nyanja Yamchere

Achemwali,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ku Thambani, inu, alamu ndi ana. Ine kuno moyo ulipo, miyendo yokha ndiyo imalira kukada. Ndikulemba sitima itaima pa doko la Cape Town. Nyengo ya maulendo a ku Durban yatha. Kuyambira Novembala takhala tikupondaponda njira imodzimodzi: kunyamula alendo ku Durban, kukawatsitsa pa kachilumba ka Ilha dos Portugueses, moyandikana ndi Inhaca kunja kwa Maputo, nthawi zina kupitirira mpaka ku Pomene m'chigawo cha Inhambane, kenako kubwerera nawo atapsa ndi dzuwa. Pano Epulo wafika, ndiye sitima ikusamukira ku Ulaya kumene kwayamba kufunda. Tikachoka pano tikaima ku Walvis Bay, ku Namibia, ndipo kuchokera kumeneko adzakhala madzi okhaokha.

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndinaumva. Mukuti mmisiri wamaliza kukhoma matebulo a mu lesitilanti yanu, ndipo mutu waima: muyale nsalu, mukagule pulasitiki wamaluwa uja ku Mwanza boma, kapena mungosiya thabwa lili pamtunda? Musaone ngati funso lanulo ndi laling'ono. Sitima ndikugwirapoyi ndi yotalika pafupifupi mamita 300, pomwe Ilala yathu, imene yakhala pa nyanja kuyambira 1951, ndi ya mamita 52 basi. Koma ngakhale kuno, anthu olipira ndalama zankhaninkhani amakangana za nsalu yomweyo mpaka mitsempha ya pakhosi kutupa.

Chakudya cham'mawa ndi chamasana ambiri amakadyera pamwamba, kumene aliyense amadzitengera yekha ndipo matebulo ake sayalidwa kanthu. Madzulo ndi nkhani ina. Alendo oposa 2,000 sangakwane nthawi imodzi m'zipinda zodyera, choncho amagawidwa pawiri, gulu loyamba cha m'ma 6 koloko, lachiwiri ikadutsa 8 koloko. Pakati pa magulu awiriwa timakhala ndi mphindi zowerengeka zoti tichotse mbale, tisinthe nsalu, tiikenso mafoloko, mipeni ndi matambula, chilichonse pamalo pake. Pansi pa nsalu yoyerayo pamakhala ina yokhuthala ndi yofewa imene mlendo saiona, yogwira ya pamwambayo kuti isatsetsereke. Tebulo lalikulu timayala anthu awiri, mizere ya simbi iwongoke, mbali zonse ilendewere mofanana. Kapitawo wathu akapeza yopendekeka sayankhula. Amangogogoda tebulolo ndi chala n'kupitirira, ndipo iwe umadziwa wekha chochita.

Mkangano wa nsaluwu unakula chifukwa cha ku America. Kumapeto kwa 2013 kampani ya Carnival, ya ku Miami, inayamba kuchotsa nsalu m'zipinda zake zodyera pa masiku wamba, n'kungozisiyira usiku umene alendo amatchena masuti ndi madiresi. Chiyambire pamenepo nkhaniyi sinazizire. Ena mwa alendo athu anayendapo pa sitima zoterozo, ndiye akakhala pansi n'kusisita nsalu yathu ndi chikhatho, amayamba okha kufotokoza osafunsidwa. Gogo wina wa ku Pietermaritzburg anandiuza kuti iye sanasunge ndalama chaka chathunthu kuti adzadyere pa thabwa. Mpongozi wake, ali pambali pomwepo, anati nsalu ndi zachikale, zimangotha madzi, komanso mwana akatayira chakumwa banja lonse limadya ndi manyazi, banga likuwayang'ana mpaka mapeto. Onse awiri anatembenukira kwa ine kuti ndigamule. Woperekera zakudya salowerera mlandu wa apongozi, choncho ndinangofunsa ngati ndiwonjezere buledi.

Koma inu ndikuuzani, chifukwa alendo amangoona mbali ya ulemu, pomwe kwa ife nsalu ndi chida chogwirira ntchito.

Kummwera kwa Durban, polowera ku East London, kuli gombe limene amalitcha Wild Coast. Kumeneko kumadutsa mkokomo wa madzi wotchedwa Agulhas, wothamangira kummwera, ndipo mphepo ikabwera moyang'anizana nawo mafunde amachita kuimirira. Ndi komwe sitima ya alendo ya Oceanos inamira pa 4 Ogasiti 1991, kufupi ndi Coffee Bay, ngakhale kuti anthu onse 571 anapulumutsidwa. Musawauze amayi zimenezi, angasiye kugona. Sitima zathuzi ndi zikuluzikulu, ndipo zili ndi zipsepse zachitsulo m'mbali zochepetsa kupendama. Komabe pobwera kuno tinadutsa pamenepo nthawi ya chakudya chamadzulo, nyanja itakwiya. Supu m'mbale ankapita uku, n'kubwerera uku. Mnzanga wa ku Mauritius, amene imvi zamerera pa ntchito yomweyi, anatenga jagi ya madzi n'kuyamba kuwaza ndi zala pa nsalu, osati mpaka kunyoweratu, kungoti ichite chinyezi. Anati oyenda panyanja akale ankatero. Mbale zimene zinkayenda zokha zinaima nji, chifukwa nsalu yachinyezi imakakamira kunsi kwa mbale ndi kwa tambula. Kumtunda kuja, kopanda nsalu, anzathu anagona mochedwa akusesa magalasi.

Palinso phokoso. Anthu mazanamazana akamadya m'chipinda chimodzi chadenga lalifupi, foloko iliyonse yogunda thabwa imamveka, ndipo aliyense amayamba kukweza mawu kuti apose mnzake. Nsalu imameza zonsezo, moti nkhalamba yovutika kumva imacheza ndi mdzukulu wake popanda kukuwa.

Anzanga amene anagwirapo pa sitima zopanda nsalu amati ntchito sichepa, imangochoka kwa ochapa n'kubwera m'mikono ya operekera zakudya. Nsalu yothimbirira umangoikulunga ndi nyenyeswa zake zonse, kuponya m'thumba, n'kuyala ina. Tebulo losayala uyenera kulipukuta, kulipopera mankhwala, kudikira kuti mankhwalawo agwire ntchito, kenako kulipukutanso kuti lisamate m'zigongono za anthu. Ndipo pa sitima ukhondo si wamasewera. Kachilombo kotsegula m'mimba ka norovirus kakangolowa, kamayenda ndi manja kuchoka pa chitseko kupita pa tebulo, mawa lake anthu ambirimbiri ali chigonere m'zipinda. Sitima zimene zimaima pa madoko a ku America zimayenderedwa ndi a zaumoyo a bungwe la CDC, amene amapereka malikisi pa 100, ndipo yopeza 85 kapena kutsikira pansi imakhala yalephera.

Tsono mpongozi uja sananame konse. Tsikani nane kunsi.

Pansi penipeni pa sitima, mmene mulibe zenera ndipo mumangomveka kunjenjemera kwa mainjini, ndi mmene muli madobi. Ambiri ndi anyamata a ku Indonesia ndi ku Philippines. Makina ochapira ndi aatali kuposa munthu, ndipo sapuma, anthu ndiwo amasinthana usana ndi usiku. Ositira ake ndi odabwitsa: anthu awiri amagwira nsalu yonyowa m'makona, kuikoka kuti iwongoke, n'kuilowetsa pakati pa zitsulo zotentha zozungulira, ndipo imakatulukira mbali ina itauma, yosalala. Kutentha kwa m'chipindamo ine sindingathe ola limodzi. Banga la vinyo wofiira kapena la msuzi wa curry wa ku Durban silichoka ndi makina okha, amayamba alipaka mankhwala pamanja, limodzilimodzi. Tsiku lina nsalu zitatiperewera ndinatsikirako kukatenga, ndipo mnyamata wina anandiitana kuti ndione imene anaipatula. Mlendo anali atalembapo nambala ya foni ndi bolopeni, manambala akuluakulu, n'kujambulapo kamtima pambali. Mnyamatayo anaseka, kenako anaiviika m'ndowa n'kuyamba kupikicha. Pangano la mayiko la 2006 lokhudza ogwira ntchito panyanja limati munthu apume maola osachepera 10 pa maola 24 alionse, ndi 77 pa sabata. Maola otsalawo werengani nokha.

Ndiye pali madzi. Tazunguliridwa ndi madzi mbali zonse, koma ndi amchere, sungachapire. Sitima imadzipangira yokha madzi abwino, pophwetsa a m'nyanja ndi kutentha kwa mainjini n'kusonkhanitsa nthunzi yake, kapena powakankha mwamphamvu m'zosefera zothina kwambiri moti mchere sudutsa. Zonsezi zimadya mafuta. Mzinda tilimowu, mu 2018, madamu ake anatsala pang'ono kuuma, ndipo munthu aliyense ankaloledwa malita 50 okha patsiku. Kwa ife a pa mjigo amenewo ndi madzi ndithu, koma kwa iwo zinali zowawa ndipo sanaiwale. Munthu wa kuno akanena zosamala madzi sindimutsutsa.

Chimene sindimeza ndi chifukwa chimene eni sitima amapereka akachotsa nsalu, choti akonda chilengedwe. M'matumba amene amatsikira kwa madobi, nsalu za patebulo ndi gawo chabe. Milu yeniyeni ndi ya zofunda ndi matawulo, makamaka a pa dziwe losambira, amene munthu amangopukutira mapazi kamodzi n'kutenga lina. Amenewo palibe amawakhudza. Sindinamvepo mlendo akunena kuti tikiti inatsika mtengo nsalu zitachoka, ndipo sindikhulupirira kuti dobi angayambe kuweruka msanga. Ndikuona kuti angangochepetsa madobiwo.

Choncho ine ndimati nsalu ikhalepo, koma madzulo okha. M'mawa ndi masana anthu amadya ali m'zovala zosambira, ana akuthamanga ndi ayisikilimu, ndipo kuyala pamenepo ndi kuzunza ochapa pachabe. Chakudya chamadzulo ndi chimene munthu amasambira n'kuvalira. Alendo a ku Durban ambiri si mabwana ayi. Ndi amayi a ku Umlazi ndi ku Soweto amene aponya chipereganyu chaka chonse, kuno amati stokvel, kuti aoneko nyanja ali pakati pake. Amalowa m'chipinda chodyera atavala zofanana, ndipo asanakhale pansi amayamba ajambula tebulo lopanda chakudya, nsalu ndi matambula okha, kutumizira a kunyumba. Mukukumbukira mphasa ya amayi ija, yoimikidwa kuseri kwa chitseko, imene ife sitinkaloledwa kukhalapo? Mlendo akangoti odi inkatambasulidwa asanapatsidwe ndi madzi omwe, ndipo iye ankadziwa kuti wafika pa anthu. Amayi a stokvel aja amaiona choncho nsalu yathuyi, ndipo ine sindingawalande.

Koma zimenezi musatengere ku Thambani zonse. Nsalu yoyera mu lesitilanti yanu ikupwetekani msana. Madzi mumachita kusenza, simbi ndi yamakala, fumbi la mumsewu limalowa pakhomo galimoto iliyonse ikadutsa. Makasitomala anu amadya nsima ndi manja, msuzi wa nyemba ukudontha, ndipo wa kabaza pa tsiku la msika sadikira kuti musinthe nsalu. Ikamakwana 1 koloko idzakhala yoti munthu akaiona njala ithe. Nsalu yakuda ndi litsiro imathamangitsa anthu kuposa thabwa loyera.

Pulasitiki wamaluwa naye sindimukonda. Sabata zoyamba amawala, kenako amang'aluka m'makona, mafuta amalowa m'ming'alumo, mbale yotentha imasiyapo chipsera, ndipo ntchentche zimapeza pokhala. Mmisiriyo muuzeni apale matabwawo asalale bwinobwino, atseke mipata ya pakati pa thabwa ndi thabwa, apake vanishi kangapo. Mukatero muzipukuta munthu aliyense akangodzuka, ndi madzi othira Jik pang'ono. Kansalu kopukutira tebulo kakhale kakekake, kasakumane ndi chikolopa cha pansi, ndipo madzulo muzikachapa n'kukayanika. Ndalama imene mukanagulira pulasitiki mugulire jagi, beseni ndi sopo, kuti aliyense azisamba m'manja madzi othiriridwa, osati kuviika onse m'beseni limodzi. Kolera wa 2022 ndi 2023 uja tonse tikumukumbukira.

Zitenje ziwiri zokha musunge, zamtundu wosaonetsa banga msanga, zopindidwa bwino m'mphepete. Zimenezo muziyala pakakhala anthu oti anenerathu kuti akubwera, monga aphunzitsi pa malipiro, a komiti ya kutchalitchi kapena a chinkhoswe. Pamenepo mukhoza kuwonjezera kangachepe pa mtengo wa mbale, ndipo sadzadandaula.

Ndalama ya vanishi ndatumiza dzulo, mukaione pa foni ya alamu. Tikangotuluka ku Walvis Bay netiweki idzavuta, intaneti ya pa sitima ndi yodula, ndiye mukaona zii musayambe kufunsa kwa abusa. Ndidzaimba tikafika ku Las Palmas. Alamu muwauze kuti manachesi a kuseri kwa nyumba asawagulitsire mumtengo kwa mavenda monga chaka chatha, adikire apse akawagulitse okha ku boma. Moni kwa amayi, kwa amalume ndi kwa ana onse.

Ndine mlongo wanu,
wa pa nyanja