Mango a kwathu analowa m'botolo

Kwathu ku Salima, chakudya chosunga chinali chouma basi. Mvula ikamapita kumapeto, amayi ankathyola nkhwani, chitambe ndi khwanya, n'kufutsa, n'kuyanika pamphasa. Mfutsowo ankaumanga m'zikwatu n'kupachika kudenga la khitchini, komwe utsi unkathamangitsa tizilombo. Chinangwa chinkasanduka makaka, usipa unkauma pathandala kunyanja. Mango okha ndiwo analibe njira. Ankapsa onse pamodzi kuyambira Novembala mpaka Januwale, ife ana n'kudya mpaka m'milomo kutuluka zilonda, mbuzi n'kutolako, otsala n'kuwolera pansi ntchentche zili ng'waa. Pofika Febuluwale, njala itafika pachimake, mitengo ija inkangotipatsa mthunzi.

Jamu tinkamudziwa ngati chinthu cha m'tauni. Ankabwera m'chitini kuchokera ku sitolo ya PTC, pa Khirisimasi, ndipo ankapakidwa pabuledi mopyapyala kuti akwanire onse. Palibe ankaganiza kuti zomwe zili m'chitinimo n'zachibale ndi zomwe tinkaponda pabwalo.

Maganizo anayamba kutembenuka nditakula kale. Mu 2003 boma linayambitsa ndondomeko ya One Village One Product, nzeru yochokera ku Oita m'dziko la Japan, yolimbikitsa mudzi uliwonse kukonza ndi kugulitsa chomwe uli nacho. Alangizi ndi mabungwe anayamba kuphunzitsa magulu a amayi kupanga jamu ndi juwisi wa malambe, bwemba ndi chidede. Kenako fakitale ya Malawi Mangoes inatsegulidwa m'boma lathu lomweli, ndipo anthu anaona ndi maso kuti chipatso chogwa chokha chili ndi mtengo wake. Ine mpamba wanga woyamba wopangira jamu unachokera ku banki m'khonde. Ndinagula shuga, mabotolo, sikelo yaing'ono ndi poto wamkulu wokhuthala kunsi.

Ntchito yake imaoneka yophweka, koma ili ndi malamulo osanyengerera. Mango akupsa kwambiri paokha salimba, choncho ndimasakaniza ndi ena ongoyamba kupsa, n'kufinyiramo mandimu, chifukwa kuwawasa kwake n'kumene kumagwiritsa jamu. Shuga amafunika pafupifupi kulemera kofanana ndi zipatso zosendasenda. Ukamuchepetsa pofuna kupulumutsa ndalama, jamu amachita nkhungu asanafike kwa wogula. Pambaula ndimatakasa osachokapo, mpaka dontho likagwera pambale yozizira lizikwinyika ndikalikankha ndi chala. Mabotolo ndi zotsekera zake ndimawiritsa kaye, ndipo ndimathira jamu akadali wotentha n'kutseka pomwepo. Mango akatha ndimadikira chidede, chilimwe chikafika ndimatembenukira ku malambe ndi bwemba, motero poto sagona chaka chonse.

Kusiyana kwakukulu pakati pa ine ndi amayi kuli pa munthu wakudyayo. Mfutso wawo unkadyedwa ndi ife ana awo, ndipo ukavuta ankaona okha m'mbale. Jamu wanga amakwera minibasi kupita ku Lilongwe, kwa munthu amene anangoona chithunzi pa WhatsApp n'kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Sanaonepo khitchini yanga, sadziwa ngati ndinasamba m'manja. Akupereka kwa mwana wake chifukwa chondikhulupirira. N'chifukwa chake pabotolo lililonse ndimalemba zomwe zilimo, tsiku lopangira ndi tsiku lothera ntchito. N'chifukwa chakenso sinditsutsa kuti masitolo aakulu amafuna chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards asanalandire katundu. Kwa mayi mmodzi wa kumudzi, kukwaniritsa zofunikazo n'kolemera, ndipo ambiri timakufikira pokhapokha titalowa m'kopaletivi.

Walira mvula walira matope. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, shuga ndi mabotolo zinakwera mtengo pomwe makasitomala anga nawonso anali atapanikizika m'thumba. Nkhuni zikusowa. Ndipo pali china chimene chimandipweteka koposa izi. Kale mtengo wa mango unali ndi mwini m'dzina lokha. Mwana wochokera kusukulu, mlendo wodutsa, aliyense ankatola osafunsa. Lero mavenda amagula mtengo wonse zipatso zisanapse, ndipo mwana akagenda bango limodzi amakalipiridwa ngati wakuba. Nanenso ndikaona mango pansi, m'mutu mwanga mumayamba kuwerenga mabotolo.

Komabe sindilakalaka kubwerera. Ndalama ya jamu yalipira fizi, yagula feteleza, ndipo imabwera m'miyezi yomwe nkhokwe imakhala itapepuka. Atsikana amene amandithandiza kusenda aphunzira kuyeza pasikelo, kulemba m'kaundula ndi kuwerengera phindu asanatchule mtengo. Chomwe ndimawauza n'chakuti luso limeneli silinabwere ndi alangizi lonse. Kudziwa kuti chakudya cha nyengo yokhuta chiyenera kufikitsidwa ku nyengo ya njala, agogo awo ankakudziwa bwino. Choncho m'gulu lathu la opanga jamu tinagwirizana ziwiri: aliyense wopanga jamu asaleke kufutsa ndiwo za pakhomo pake, ndipo pakhomo paliponse pazikhala mtengo umodzi wosagulitsa, woti ana a m'mudzi azidya momasuka.