Pamene galimoto zinkakwera sitima ku Beira

M'zaka za m'ma 1950, galimoto yatsopano yochokera ku Ulaya inkafika ku Blantyre matayala ake asanalaweko fumbi la msewu. Ulendo wonse inkachita kunyamulidwa: sitima ya pamadzi mpaka ku Beira, kenako sitima ya pamtunda mpaka ku Limbe. Kaya ndi Morris Minor ya mphunzitsi wamkulu, kaya ndi Land Rover ya bwana wa ku esiteti ya tiyi, khomo lake linali doko limeneli, pamene mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja ya mchere.

Beira ndi tauni ya pachidikha, yomangidwa pamchenga ndi matope m'mbali mwa kamtsinje ka Chiveve. Inayamba mu 1887 ngati kamsasa ka asilikali a Chipwitikizi, ndipo chimene chinaikuza ndi katundu wa maiko opanda nyanja, Rhodesia ndi Nyasaland. Anthu ambiri a ku Chigwa cha Shire anagwirako ntchito, ndipo Chisena sichinali chilendo padoko.

Njira yake inalumikizidwa pang'onopang'ono. Njanji ya Port Herald, yomwe lero ndi Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908. Ya Trans-Zambezia yochokera ku Dondo inafika m'mphepete mwa Zambezi mu 1922, koma kwa zaka 13 katundu ankatsitsidwabe n'kuwolotsedwa pamadzi. Mu 1935 ndi pamene mlatho wa Dona Ana unatsegulidwa pakati pa Sena ndi Mutarara, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka. Kuyambira pamenepo bogi imodzimodziyo inkachoka padoko n'kudzaima ku Limbe, kudzera ku Inhaminga, Sena, Nsanje, Chiromo, n'kukwera mapiri a ku Sandama mpaka ku Luchenza.

Chimene ndimasirira pa nthawi imeneyo ndi kagwiridwe ka ntchito. Galimoto inkakwezedwa pa bogi yopanda denga, kumatayala kuikidwa zipika zamatabwa, n'kuimanga kuti isasunthe sitima ikamagwedera. Palibe ankaiyendetsa, palibe ankakwezamo munthu. Inkachedwa, inde, ndipo madzi a Shire akasefukira munthu ankadikira mpaka kutopa. Koma inali ndi chikalata chake cha katundu, ndipo kanthu kakawonongeka mwini wake ankadziwa ofesi yokadandaulako. Tisaiwalenso kuti ogula galimoto anali owerengeka, ambiri mwa iwo Azungu ndi Amwenye. Agogo athu ambiri ankangoziona zikudutsa pa siteshoni, iwo atanyamula madengu a nthochi.

Chinadula njira imeneyi ndi nkhondo. Njanji ya ku Nacala, yotsegulidwa mu 1970 kudzera pa Nayuchi, inali itatengako kale katundu wina, koma nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inatseka zonse ziwiri. Sitima za ku Sena zinaima kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo mu 1986 mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa. Malawi anatembenukira kumpoto, ku Dar es Salaam, ndi kummwera, ku Durban. Mtendere utabwera mu 1992, madzi osefukira a mu 1997 anakokolola njanji cha ku Chiromo, ndipo sitima sinawolokenso kupita ku Nsanje.

Lero kugula galimoto kwapepuka kwambiri. Namwino wa ku Kasungu amasankha Sienta kapena Vitz pafoni, n'kutumiza ndalama ku Japan, ndipo ichi n'chinthu chokoma chimene makolo athu sanachilotepo. Koma zambiri mwa galimoto zimenezi sizitsikira ku Beira. Zimatsikira ku Dar, ndipo kuchokera kumeneko zimabwera ndi miyendo yake. Ejenti akamaliza za padoko, amapereka makiyi kwa dalaivala, galimoto itamatidwa nambala ya IT. Ulendo wake ndi wa makilomita oposa 1,500 kuti ifike ku Lilongwe: Morogoro, nkhalango ya Mikumi, chitunda cha Kitonga, Iringa, Makambako, Uyole, kutsetsereka ku Tukuyu mpaka pa Songwe, kumene a MRA amayembekezera msonkho wawo. Ikawoloka, chitunda cha Chiweta chikuidikira.

Madalaivala amenewa ndimawapatsa ulemu. Amayendetsa galimoto imene sanaionepo, yokhala milungu ingapo panyanja, mafuta a mu injini osadziwika kuti anathiridwa liti, mawu a pa wailesi ali m'Chijapani. Vuto lili pa malipiro. Munthu wolipidwa pa ulendo umodzi amadziwa kuti kugona ndi kuluza, choncho amayenda usiku wonse kuti abwerere msanga kukatenga ina. Ndalama ya mafuta ikachepa, ena amachita matola panjira. Mwini galimoto ali phee kunyumba, akuyang'ana chithunzi chake pa WhatsApp, osadziwa kuti pampando wakumbuyo pakhala anthu anayi ndi thumba la mbatata. Ikafika jeke palibe, tayala lapadera lasinthidwa, galasi lang'aluka ndi mwala. Ufunse ndani? Ejenti akuti dalaivala, dalaivala akuti anaipeza choncho padoko. Mlandu wake umatha ngati wa mbuzi yofera kubusa ana ali ambiri.

Luso lakale lija lidakalipo pa malole onyamula magalimoto, aja a nsanjika ziwiri. Imani pamene akupakira muone. Woyamba amazungulira galimoto ali ndi pepala lojambulidwa chithunzi chake, n'kumalemba paliponse pamene pakalika, ndipo amawerenga jeke, sipanala ndi makilomita a pa dashibodi mwini wake kapena ejenti akuona. Wina amaikweza pang'onopang'ono pa tinjira tiwiri tachitsulo, magalasi a m'mbali atapindidwa, mnzake akumulozera ndi manja. Malo amachepa moti nthawi zina amatulukira pawindo. Kenako tayala lililonse limamangidwa ndi lamba wake, ndipo dalaivala wodziwa ntchito amaima akayenda pang'ono kuti akungenso malambawo, chifukwa amakhwepa msewu ukayamba kugwedeza. Mtengo wake ndi wokwerapo, ndipo loleyo imadikira kuti idzaze isananyamuke. Ambiri amaithawa pa zifukwa ziwirizi, kenako ndalama imene anapulumutsa amakaisiya kwa makaniko mwezi usanathe.

Beira yokha sinafe. Inapirira nkhondo, inapirira namondwe wa Idai mu 2019. Nsanja younikira sitima ya ku Macuti idakaima, siteshoni yaikulu ya mu 1966 ilipo, ndipo Grande Hotel, imene inatsegulidwa mu 1955 kuti muzigona alendo olemera, tsopano mukukhala mabanja ambirimbiri osauka. Mafuta ndi feteleza wathu wambiri amadutsabe padokoli, koma pa mathiraki, mozungulira kudzera ku Chimoio, Tete ndi Zobue, ulendo wa makilomita oposa 800 pofika ku Blantyre. Njanji yakale ija inali yachidule kuposa pamenepo.

A ku Mozambique anakonza mbali yawo ya njanji ya Sena, ndipo kwathu kuno ntchito yokonza kuchokera ku Marka mpaka ku Bangula inayambika. Akamaikamba, akuluakulu amatchula mafuta, feteleza ndi shuga wa ku Nchalo. Ine ndikufuna pamndandandawo pakhalenso mabogi onyamula magalimoto, komanso kuti njanjiyo iwoloke Shire pa Chiromo mpaka ikafike ku Limbe, chifukwa ikathera pa Bangula galimoto ija idzatsitsidwanso n'kuperekedwa kwa dalaivala wothamangira ulendo wina.