Chifuwa cha Amalume

Kwathu ku Kabudula munthu wamkulu akayamba kukankha mbale ya nsima n'kumapempha phala, timati ndi ukalamba. Phalalo likayamba kubwerera, timati alipo wam'chita chipongwe. Thobwa likakanika kutsika, m'pamene timafunafuna galimoto yopita ku chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, kumene amalowetsa kachubu ka kamera kukhosi n'kutiuza dzina la nthendayo: khansa ya kummero. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansayi yafala kwambiri pa dziko lonse. Ofufuza amakayikira fodya, kachasu, utsi wa nkhuni ndi tiyi wotentha moyaula lilime, zinthu za pakhomo pathu zokhazokha.

Ambiri amafika mochedwa, ndipo madotolo amangowaika kachubu kachitsulo kotsegula njira kuti azimezako. Amalume anga anali mwa ochepa amene chotupa chimapezeka chisanafalikire. Atauzidwa kuti akachitidwa opaleshoni ku chipatala china chachikulu, abale tonse tinasonkha ndalama mwansangala. Ine, poti ndimagwira ntchito m'boma, mbale yoperekera inayambira kwa ine.

Opaleshoniyi si yamasewera. Amatsegula pamimba ndi pachifuwa, n'kudula mbali yodwala ya kummero, kenaka n'kukokera chifu m'mwamba kuti chilumikizidwe ndi mbali yotsalayo. Pochita izi papo limodzi amalifwetsa kwa maola angapo kuti manja apeze podutsa. Munthu akatsitsimuka, nthiti zimapweteka mwakuti amapuma pang'onopang'ono ngati wabisala. Kutsokomola amakuopa. Makhololo amadikha pansi pa mapapo, ndipo tizilombo timapezapo dambo. Komanso kakhomo kamene kamatseka chifu kamakhala katachotsedwa, kotero munthu akagona chagada, zam'mimba zimatha kukwera n'kulowera m'mapapo. Ndiye chibayo chimenecho, vuto limene limatsatira opaleshoniyi kawirikawiri, makamaka kwa osuta ndi owonda. Amalume anali atasuta chingambwe zaka zoposa 30.

Apa m'pamene chifundo chathu chimasemphana ndi chipatala. Ife wodwala timam'funditsa, timam'goneka, timamuletsa kudzuka. Tsiku lotsatira opaleshoni, mtsikana wa mafizo anabwera kudzawakhazika tsonga, nawapatsa pilo woti akumbatire pabala potsokomola. Akazi awo anaimirira pakati.

"Mwanawe, kodi kwanu kulibe akuluakulu? Munthu am'ng'amba dzulodzuloli, ukufuna ulusi uduke?"

"Pepani amayi, ulusi suduka ayi. Agogowa akapanda kutsokomola, mapapo adzaza."

Mtsikanayo ankanena zoona, ngakhale pa wodi ponse ankaoneka ngati wankhanza. Akangotembenuka, amalume ankagonekedwanso bwinobwino, bulangete mpaka m'khosi. Sindiwaimba mlandu mayi aja. Anachita zimene amayi awo anawaphunzitsa, ndipo pa matenda ena n'zothandizadi.

Tsiku lachinayi thupi linatentha, mpweya unayamba kubanika. Anakhala masabata awiri pa makina othandiza kupuma. Bala linapola bwino, chotupa chinali chitachoka, koma munthu anatuluka atatheratu mphamvu, mwakuti mankhwala a khansa amene anayenera kutsatira anaimitsidwa kaye. Walira mvula walira matope. Pambuyo pake ndinawerenga kuti kafukufuku wa m'mayiko monga Japan, kumene opaleshoniyi ndi yofala, amaonetsa kuti odwala amene agwidwa chibayo akachitidwa opaleshoni sakhalitsa ndi moyo poyerekeza ndi anzawo. N'chifukwa chake kumeneko amalimbikira zinthu zooneka zazing'ono: kusiya fodya kudakali mwezi wathunthu, kutsuka mano mwakhama, kuphunzira kupuma mozama, kuyenda msanga ndi kugona mutu uli pamwamba. Palibe chimodzi mwa izi chofuna ndalama zimene tinasonkha zija.

Amalume anabwerera ku Kabudula mvula itagwa kale. Nsima ankadya timbamu tiwiri, kangapo pa tsiku, ndipo anaisangalalira ngati mwana. Ku chigafa sanapitenso, pakuti akayenda kuchoka pakhonde kukafika pankhokwe ankaima kawiri kuti apume. Anakhala nafe chaka chimodzi ndi miyezi itatu.