Buku limene ndinalipeza m'chikwama cha m'belo

Ife ogulitsa zikwama za kaunjika tikatsegula belo, timayamba tapisa dzanja m'thumba lililonse tisanayale katundu pa benchi. Si umbava ayi. Mwini wake anataya kale chikwamacho uko kunja, ndipo kasitomala safuna kukapeza tishu ya munthu wina akafika kunyumba. Pa zaka 9 zimene ndachita geni imeneyi ku Limbe ndapezamo zambiri: timakobiri tosagula kanthu kuno, malisiti, ndolo imodzi, chithunzi cha galu. Mwezi wathawu, m'chikwama chachikulu chofiirira, ndinapezamo buku.

Dzina lake ndi Kissing the Witch, kutanthauza kupsompsona mfiti. Mnzanga wa benchi yoyandikana nditamuuza tanthauzolo anangoti, "Mayi inu, ufiti wayambanso kubwera m'mabelo?" Analemba ndi Emma Donoghue, mayi wobadwira ku Dublin, Ireland, mu 1969, amene pano amakhala ku Canada. Ena mwa inu mukumudziwa chifukwa cha Room, buku lija anadzalipanga filimu. Koma ili ndi lakale, la mu 1997, ine ndili ku pulayimale. Chingerezi chake si cholimba. Ine wa Fomu 4 ndalimaliza m'sabata imodzi, kuwerenga masana pamene makasitomala amasowa, mawu ondivuta ndikumayang'ana pa foni.

Muli nthano 13. Kupatula yomalizira, zonse ndi zija za azungu tinkazipeza m'timabuku ta zithunzi: Cinderella, Snow White, Rapunzel, Beauty and the Beast, Sleeping Beauty ndi zina. Kungoti apa aliyense akusimba yekha ndi pakamwa pake. Ndipo chimene chinandikoka poyamba ndi kalumikizidwe kake. Nthano ikamatha, wosimbayo amatembenukira kwa mkazi wina amene anali m'nkhani mwake momwemo n'kumufunsa kuti kodi iye anali ndani asanafike pamenepa. Wofunsidwayo ndiye amayamba yake. Ngati munagonapo pa maliro, mbali ya azimayi, nyimbo zitatha cha m'ma 2 koloko usiku, mukudziwa mmene zimakhalira. Wina akamaliza kufotokoza za banja lake amagwira mnzake pa bondo, "Nanga inu zinakhala bwanji?" Buku lonseli likuyenda choncho.

Nthano yoyamba ndi ya nsapato. Mtsikana mayi ake amwalira, ndipo akungosesa ndi kukolopa usana ndi usiku. Koma muno mulibe mayi womupeza wankhanza. Palibe amene akumutuma kapena kumukalipira, mawu onse omunyoza ali m'mutu mwake momwe. Apa ndinaika buku pansi kaye, chifukwa bambo anga atamwalira ndinachapa makatani a nyumba yonse kawiri sabata imodzi popanda wondituma. Kenako pakubwera mayi wina amene ankadziwana ndi malemu mayi ake, n'kumuveka, n'kumupititsa ku dansi kwa mwana wa mfumu. Zonse zikuyenda ngati mmene timadziwira mpaka usiku womaliza. Mtsikanayo akuthawa, nsapato imodzi n'kutsala, koma sakudikira kuti mwana wa mfumu adzamuyeze phazi. Wazindikira kuti amene mtima wake ukumufuna ndi mayi amene amamudikira panja usiku uliwonse uja. Nsapato yotsalayo akuiponya pa minga, awiriwo n'kumapita.

Ndinawerenganso tsambalo poganiza kuti Chingerezi chandiphonya. Sichinandiphonye. Ndinalitseka bukulo n'kuliika pansi pa benchi, m'jumbo ya zikwama zong'ambika zipi, ndipo linakhala momwemo masiku awiri.

Ndinene chifukwa chake, poti kulemba mobisa n'kungotaya bandulo yanu. Ndili ndi mng'ono wanga ku Johannesburg. Anapita mu 2019, amaluka tsitsi. Kumudzi amadziwa kuti amakhala ndi mnzake wothandizana naye lendi. Mu 2022 anandiimbira usiku n'kundiuza kuti, "Achemwali, uja si wa lendi chabe." Ndinamuyankha kuti asadzanenenso zimenezo pa foni yanga, ndipo sanadzanenenso. Tinapitiriza kukamba za mitengo ya zinthu ndi za mankhwala a shuga a mayi, amene iyeyo ndiye amagula. Mu July 2023 mipingo itakonza zoyenda mumsewu kukana maukwati a amuna okhaokha ndi akazi okhaokha, ndinayenda nawo. Palibe anandikakamiza. Azimayi a kumpingo kwathu amapita, inenso ndinatseka benchi n'kupita, ndipo tinaimba bwino ndithu. Madzulo ndinaika chithunzi pa status ya WhatsApp osaganiza n'komwe kuti ndani aone. Uthenga wake unali waufupi: "Ndakuonani achemwali, chitenje chakukhalani." Kuyambira tsiku limenelo ndalama za mankhwala zimadzera kwa achimwene.

Ndiye mukuona kuti bukuli silinandipeze ndili wopanda mbali.

Tsiku lachitatu kunagwa mvula, msika unali zii, ndinalitulutsa. Mumtima ndinali nditakonzeka kale kukwiya kuti azungu aononga nthano za ana. Koma mkwiyo umenewo sunakhalitse, chifukwa ndikudziwa kuti nthano zimenezi zakhala zikusinthidwa kuyambira kale. Nsapato ya galasi ija ndi ya Charles Perrault wa ku France, m'buku lake la 1697. Abale awiri a ku Germany, a Grimm, amene anatulutsa nthano zawo mu 1812, nsapato yawo ndi ya golide, ndipo azichemwali a mtsikanayo akudzidula chala ndi chidendene kuti phazi lilowe. Mtsikana wa m'nyanja wa Hans Christian Andersen, mu 1837, sakukwatiwa ndi mwana wa mfumu, koma a Disney mu 1989 anamupangira ukwati. Ngakhale kwathu kuno, agogo anga akamasimba za Kamdothi, tsiku lina mwanayo ankasungunuka ndi mvula nthano n'kuthera pomwepo, koma akaona kuti tikufuna kulira ankati mayi ake anamuumbanso mawa lake. Palibe anawauza kuti aononga nthano. Amene wanyamula nthano pakamwa ndiye mwini wake usiku umenewo. Mukhoza kudana ndi kumene Donoghue wazikhotetsera, koma mlandu wokhotetsa wokhawo ulibe mphamvu.

China chimene ndinapeza n'chakuti si nthano zonse zili za akazi okondana. Ina ndi ya mchimwene ndi mchemwali wake, ina ya mayi wolimbikira geni yopota ulusi mpaka kuiwala mwana wake. Imeneyo inandiluma, poti nanenso ndimachoka 5 koloko m'mawa ana ali mtulo. Pamene pali chikondi cha akazi, mulibe zolaula. Amene angaligule kufuna zimenezo adzalira ndalama yake. Mu nthano ya duwa, mtsikana akachivula chilombo chija chigoba cha kumaso, kumapezeka kuti ndi mkazi. Mtsikanayo sakugwa m'chikondi pompo ayi, akuphunzira pang'onopang'ono. Ndinaikonda chifukwa cha kuchedwa kwakeko.

Koma pali zimene sindinagwirizane nazo, ndipo pano sindikukamba za tchalitchi. Nthano ya tsitsi, ya Rapunzel, inandinyansa. Mtsikanayo ndi wosaona, ndipo mayi amene anamulera ndi yemwe akudzisandutsa mwana wa mfumu, kusintha mawu, n'kumabwera kwa iye usiku. Wolembayo akufuna timvere chisoni onse awiri. Ine ayi. Munthu amene unamulera n'kumunamiza chotero, kaya ndiwe mwamuna kaya ndiwe mkazi, kwathu kuno timakutengera kwa amfumu. Ngakhale ya nsapato ija, mayiyo ndi wa msinkhu wa mayi ake a mtsikanayo, ndipo wamupeza ali pa chisoni. Akanakhala bambo, tonse muno tikanati chidyamakanda. Chinanso, amuna a m'bukuli ambiri ndi zithunzi chabe, opanda magazi. Ukafika pakati, mawu a osimba amayamba kufanana ngati zikwama za belo limodzi, moti ndinkabwerera m'mbuyo kuona kuti akulankhula ndani.

Imene yandikhalira ndi ya mawu, yochokera ku nthano ya Andersen ija. Muno mulibe mchira wa nsomba. Ndi mtsikana wa m'mudzi wa asodzi amene wakopeka ndi mnyamata wa m'tauni. Akupita kwa mayi wina wa kuphanga amene anthu amamutcha mfiti, ndipo akuuzidwa kuti mtengo wake ndi mawu ake. Akuvomera. Mnyamatayo akumupezadi, akukhala naye ali duu, mpaka mnyamatayo kupita kwa wina. Atavutika, akubwerera kuphanga kukaitanitsa mawu ake, ndipo mayiyo akumuuza kuti sanawatenge n'komwe. Anali nawo nthawi yonseyi, anangokhulupirira kuti alibe.

Poyamba ndinaganiza za azimayi amene ndimawadziwa, amene pa chilangizo anauzidwa kuti banja ndi kupirira ndipo akhala chete zaka 20. Kenako ndinaganiza za mng'ono wanga, n'kuona kuti nthanoyi sikumukwana. Iyeyo mawu ake sanangoganiza kuti atengedwa. Analankhula, ine ndinamutseka pakamwa. Ndipo si ine ndekha. Kuyambira 2011, gawo 137A la malamulo a milandu m'dziko muno limati mkazi wopezeka akuchita zimenezi ndi mkazi mnzake akhoza kukhala kundende zaka 5. Mu June 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linakana kuchotsa malamulo oletsa amuna okhaokha. Ku South Africa kumene ali, maukwati otere ndi ololedwa kuyambira 2006. Donoghue akhoza kutumiza akazi ake awiri kunkhalango nthano n'kutha. Wathuyu nkhalango yake ndi Joni, ndipo mayi akamafunsa kuti bwanji sabwera pa Khirisimasi, ine ndimati ndi za mapepala.

Musandimve molakwa, sindinasinthe mpingo, ndipo zimene ndinaphunzitsidwa kuyambira ku Sande sukulu sizinasungunuke chifukwa cha kabuku kamodzi ka m'belo. Ena muno mundiuza mavesi, ndikuwadziwa, ena ndinawaloweza. Chimene bukuli landichita n'chaching'ono. Nthano 12 zonse zimatha ndi munthu kufunsa mnzake kuti anali ndani, zinayamba bwanji. Ndinawerenga funso limeneli kambirimbiri mpaka ndinazindikira kuti mwana amene ndinamubereka kumsana, amene ndinkamutsuka mabala a m'mawondo, sindinamufunsepo. Dzina la mnzakeyo sindilidziwa. Sindikudziwa ngati amamusamala akadwala, ngati amaseka, ngati amadya nsima.

Mwana wanga wamkazi wa zaka 13 analiona pa tebulo n'kufuna kuwerenga, poti anaona kuti ndi nthano. Ndinamuuza kuti adikire kaye. Kwa akuluakulu a muno, amene angalifune ndimubwereka, bola abweze, ndipo asalipinde masamba. Mnzanga wa benchi uja wayamba kale, ali pa nthano yachitatu, ndipo dzulo anandiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu.

Lachiwiri usiku ndinajambula voice note. Yoyamba inali ya mphindi 4, yodzaza ndi kudziikira kumbuyo, ndinaifufuta. Yachiwiri ndinangoti, "Iwe, ndine. Mayi ali bwino. Ndimafuna ndidziwe, mnzakoyo dzina lake ndani?" Timizere tiwiri tija tinasanduka tabuluu Lachitatu m'mawa, ndili mu minibasi. Mpaka pano sanayankhe. Foni ndikumaiika m'thumba la epuloni, mbali imene ndimaika ndalama za chenji, kuti ikanjenjemera ndiimve.