Fungo la pa Khwekhwerere

Msewu wa Khwekhwerere, wochokera ku Golomoti kukwera mapiri a Dedza, suchitira chisoni galimoto yokalamba. Atangomaliza chitunda chotsiriza, Peugeot 504 ya mphunzitsi wina wopuma pantchito inayamba kununkha chopserera. Kumpando wakumbuyo kunali mayi akunyumba kwake, amene anali kupita nawo kuchipatala.

Mwana wawo anathamangira chotsekera cha radiyeta. "Leka, mwanawe, madzi owira angakuwaule kumaso," anatero mkuluyo. Kenaka anawerama, natsinzina, nanunkhiza.

M'Chichewa mawu oti "kumva" amatumikira khutu, khungu, mphuno ndi nzeru zomwe. Mkuluyo anamva ndi zonsezi. Mankhwala oziziritsa injini akamadontha, kafungo kake kamakhala kotsekemera. Oilo akagwera pa ekizozi yotentha amafuka utsi. Mabuleki amapsa potsika, osati pokwera. Koma ili linali fungo lowawa, lobaya m'mphuno, ndipo anakumbukira kuti pachitunda injini inali kubuma pomwe liwiro silinali kuwonjezeka. Kilatchi inali itaperepeseka, ikuterereka ndi kupsa.

"Kodi tifika, bambo?"

"Tifika, tikailemekeza."

Anaidikira kuti izizire, kenaka anayenda pang'onopang'ono, phazi litachoka pa kilatchi, mpaka pachipata cha chipatala.

Mayiwo atagonekedwa, mkuluyo anakhala chete pakhonde. Fungolo anali atalimva kwa miyezi, monganso chifuwa cha mkazi wake usiku uliwonse. Zonse ziwiri anazimva ndithu, koma sanazimvere.